ZX81, kakompyuta kamene kankaiwala zonse ukagwedeza tebulo

Meseji imodzi ya SMS imakwana zilembo 160. Mukalemba mameseji 6 odzaza bwino, n'kuwonjezerapo kachidutswa, mwafika pa zilembo 1,024. Amenewo ndiwo anali malo onse osungiramo zinthu m'mutu mwa Sinclair ZX81, kakompyuta kamene kanatuluka ku Britain mu Malichi 1981. Pulogalamu imene mwalemba, manambala amene ikuwerengera, ngakhalenso zimene zikuoneka pa sikirini, zonsezo zinkapanikizana momwemo. Komabe m'kamalo kameneka munthu wina anakwanitsa kuikamo chess yoti kompyuta izisewera nanu.

Mwini wake wa kampani ya ku Cambridge imene inakapanga, Clive Sinclair, mtima wake unali pa chinthu chimodzi basi: mtengo. Nthawi imeneyo kompyuta ngati Apple II inkagulidwa mapaundi mazanamazana, moti inali ya m'maofesi ndi ya anthu opeza bwino. ZX81 inkagulitsidwa £69.95 yomangamanga, ndipo amene anali ndi luso lowotcherera mawaya ankatha kuigula m'zidutswazidutswa pa £49.95 n'kukaimanga yekha kunyumba. Inkapezeka m'masitolo a W H Smith, momwe anthu ankagulamo nyuzipepala ndi makope. Anagulitsa makompyuta oposa 1.5 miliyoni.

Ife kwathu ku Malawi nkhani imeneyi inatidutsa patali, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kakompyutaka kanalibe sikirini yakeyake. Kankadalira TV ya pabalaza, pamene dziko lathu linalibe siteshoni ya kanema mpaka mu 1999. Ine ndinakaona koyamba ndili wamkulu kale, nditabwera kuno ku Britain kudzagwira ntchito. Bambo wina wachikulire amene timapemphera naye, atamva kuti ntchito yanga ndi ya makompyuta, anandiitanira kwawo n'kutsitsa katoni yafumbi kudenga. Anatulutsamo kanthu kakuda, kaphanthiphanthi, kokwera pang'ono kumbuyo, kopepuka moti poyamba mungaganize kuti m'kati mulibe kanthu. Ndinakatembenuza uku ndi uku kufunafuna poyatsira. Iwo anangoti, "Palibe. Ukalowetsa waya kayaka, ukazula kazima." Analumikiza ku TV yakale, n'kumapotokola pang'onopang'ono mpaka chipwirikiti cha pa sikirini chinatha. Panatsala poyera pokhapokha, ndipo pakona ya m'munsi kumanzere panali kabokosi kakuda kokhala ndi chilembo K. Panalibe moni, panalibe dzina la kampani, panalibe chithunzi. Makina ankangodikira kuti munthu awauze chochita.

Kuti mtengo utsike chonchi, anachotsa chilichonse chimene chikanatheka kuchotsedwa. Kompyuta ya m'mbuyo mwake, ZX80 ya mu 1980, inali ndi machip 21, tizidutswa tamagetsi timene timagwira ntchito m'kati mwa kompyuta. ZX81 inatsala ndi anayi okha: purosesa ya Z80 (imene imachita zimene pulogalamu yalamula), ROM ya 8K (zosungidwa zosafufutika; 1K ndi malo a zilembo 1,024) mmene munali BASIC, chinenero cholembera mapulogalamu, RAM (malo aja 1,024, amene amaiwala zonse magetsi akazima), ndi chip imodzi yopangidwa ndi kampani ya Ferranti imene inameza ntchito ya tizidutswa tambirimbiri. Mawu panalibe, mitundu panalibe, zilembo zing'onozing'ono panalibe. Chilichonse chinkalembedwa m'zilembo zazikulu, zakuda poyera kapena zoyera pakuda.

Chimene chimandidabwitsa mpaka lero ndi mmene chithunzi chinkafikira pa TV. Makompyuta ena anali ndi chip yapadera yojambula sikirini. Pano ntchito imeneyo anaisenzetsa purosesa yomwe ija imene inkafunikanso kuyendetsa pulogalamu yanu. TV imafuna kujambuliridwa chithunzi ka 50 pa sekondi iliyonse, choncho purosesa inkathera pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a nthawi yake ikujambula, ndipo ntchito yanu inkagwiridwa m'kanthawi kochepa kamene kuwala kwa TV kali m'mphepete mwa pamwamba ndi pansi. Zinali ngati mphunzitsi wa kusukulu ya kumudzi amene ali yekha ndi makalasi awiri: akalowa uku, uko kwatsala kopanda munthu. A Sinclair sanabise zimenezi. Anaika malamulo awiri m'chinenero chenichenicho, SLOW ndi FAST. Mukalemba SLOW, chithunzi chinkakhazikika koma zinthu zinkayenda mwaulesi. Mukalemba FAST, liwiro linkakwera pafupifupi kanayi koma sikirini inkachita mbuu, osaonetsa kanthu mpaka kuwerengera kutatha. Mwana wa zaka 12 ankayenera kusankha yekha pamene akufuna kuona ndi pamene akufuna kufulumira. Posankhapo, ankakhala ataphunzira kale kuti nthawi ya purosesa ili ndi malire ndipo imachita kugawidwa.

Kiyibodi yake sindingaiyamikire. Panalibe mabatani enieni, koma kapulasitiki kosalala kojambulidwa timabokosi 40, ndipo pansi pake m'pamene panali polumikizira. Chala sichinkamva kuti chadina kapena ayi, moti maso ankayenera kukhala pa TV nthawi zonse. Kabokosi kamodzi kankatha kukhala ndi matanthauzo mpaka asanu, olembedwa m'kati, pamwamba ndi pansi pake. Koma m'menemo munalinso nzeru. K uja ankatanthauza kuti makina akudikira lamulo, ndiye mukadina P pankatuluka mawu onse akuti PRINT, mukadina G pankatuluka GOTO, R n'kukhala RUN. Simunkafunika kudziwa kalembedwe ka mawu a Chingerezi amenewa, chifukwa onse anali olembedwa kale pamaso panu. Ndipo mzere ukakhala wolakwika, makina ankaukana pomwepo n'kuika chilembo S pamalo enieni pamene palakwika. Sankadikira kuti mulembe mizere 50 kenako n'kudzakuuzani kuti penapake pali vuto. Kwa munthu wongoyamba kumene, chimenechi ndi chifundo chachikulu, ndipo zida zambiri zophunzitsira za masiku ano sizifikapo.

Tsopano tibwerere ku malo aja 1,024, chifukwa nkhani yeniyeni ili pamenepo.

Musanalembe n'komwe chilembo chimodzi, ma byte 125 (byte imodzi ndi malo a chilembo chimodzi) anali atapita kale ku zosowa za makina eniake. Sikirini yodzaza, ya mizere 24 ya zilembo 32, inkafuna ma byte 793. Mukachotsera zimenezo muona kuti pulogalamu ikanatsala ndi malo osakwana n'komwe SMS imodzi. Ndiye amene analemba ROM anachita chinthu chochenjera: sikirini yopanda kanthu inkangotenga ma byte 25, ndipo mzere uliwonse unkakula pokhapokha mukalembapo. Zotsatira zake zinali zachilendo. Kuika chilembo kumanja kwa sikirini kunkadya malo ambiri kuposa kuchiika kumanzere, chifukwa makina ankayenera kusunga mipata yonse yapakati. N'chifukwa chake masewera ambiri a 1K ankaunjikana chakumanzere, mbali inayo ili mbee. Mukadyerera, pulogalamu inkaima pakati pa ntchito, pansi n'kutuluka nambala 4, kutanthauza kuti malo atha.

Manambala nawo anali ndi msampha wawo. Mukalemba 0 mu pulogalamu, makina ankasunga chilembo chimene mukuchionacho, n'kubisa kumbuyo kwake ma byte ena 6. Ziro mmodzi ankadya ma byte 7. Koma mawu a lamulo aliwonse ankasungidwa ngati byte imodzi yokha. Anthu atazindikira zimenezi anasiya kulemba manambala. M'malo mwa 0 ankalemba NOT PI, amene yankho lake ndi ziro koma amangodya ma byte awiri. M'malo mwa 1 ankalemba SGN PI, m'malo mwa 3 ankalemba INT PI. Akafuna 38 ankalemba CODE "A", poti chilembo A nambala yake m'makinawa ndi 38. Bambo aja anandionetsa kope lawo lakale mmene ankakoperamo mapulogalamu ndi cholembera. Tsamba lina linali lodzaza ndi PI, moti munthu wosadziwa angaganize kuti ndi masamu a zozungulira, chonsecho anali masewera oponya kampira kukhoma. M'mphepete anali atalemba ndi pensulo kuchuluka kwa ma byte amene apulumutsa pa mzere uliwonse. Ndinakhala nthawi ndithu ndikuyang'ana manambala a pensulowo. Panthawi imene ankalemba zimenezo ankagwira ntchito yokonza mabasi, ndipo sanapiteko kukoleji ina iliyonse.

Amene BASIC inawachepera ankalowa m'chinenero cha purosesa chenicheni. Makinawa analibe malo okonzedwera zimenezo, ndiye anthu anapeza pobisa: mzere woyamba wa pulogalamu ankauyamba ndi REM, lamulo limene limauza kompyuta kuti zotsatirazi ndi ndemanga chabe, isaziwerenge. Kumbuyo kwa REM ankaikako zilembo zambirimbiri zopanda tanthauzo, kenako n'kumalowetsa manambala awo pamalo pa zilembozo, imodziimodzi. Chilembo choyamba chinkakhala pa adiresi 16514 nthawi zonse, kutanthauza nambala ya malo ake m'mutu mwa makina. Mukakumana ndi munthu wa ku Britain amene anali ndi ZX81 ali mwana, mutchulireni nambala imeneyi muone nkhope yake.

M'njira ngati zimenezi ndi mmene David Horne analembera chess yake mu 1982, ya ma byte 672, kungopitirira pang'ono mameseji anayi. Siinali katswiri. Malamulo ena a chess, monga kusinthanitsa malo kwa mfumu ndi nsanja, kapena kukweza kamsilikali kakafika kumapeto, sinkawadziwa. Koma inkajambula bolodi, inkakana mukasuntha molakwika, ndipo inkasankha yokha posuntha. Panadutsa zaka zoposa 30 munthu wina asanalembe yocheperapo: Olivier Poudade wa ku France anachita zimenezo mu 2015 ndi ma byte 487.

Sindikufuna kuti nkhaniyi imveke ngati zonse zinali zokoma. Zina zinali kungopangidwa moipa, ndipo amene ankavutika nazo ndi wogula. Aliyense amene ankafuna kuchita chinthu chooneka ankayenera kugula kabokosi kowonjezera RAM ya 16K, pa mtengo wa £49.95, wofanana ndi wa kompyuta yonse ya m'zidutswa. Kabokosika kankalowetsedwa kumbuyo, popanda sikuluwu kapena chogwirira chilichonse. Kiyibodi ija inkafuna kudina mwamphamvu, kudinako kunkagwedeza kompyuta yopepukayo, kabokosi n'kusuntha pang'ono, basi zonse zapita. Munthu ankatha madzulo onse akukopera pulogalamu ya m'magazini, mzere ndi mzere, ndiye mwana n'kugunda mwendo wa tebulo, sikirini n'kuyera. Mankhwala odziwika m'dziko lonselo anali Blu-Tack, phula lomatira mapepala kukhoma, limene ankaliphatika pakati pa kompyuta ndi kabokosi. Ena ankamanga ndi malabala, ena ankakhomerera zonse pa thabwa. Kampani ya Memotech inapeza msika popanga timabokosi togwira bwino. Kabokosi ka bambo aja kanali kadakali ndi phula louma la zaka zimenezo. Anthu amasimba nkhani imeneyi akuseka, koma ine ndimaganizira mwana amene makolo ake anadzimana kuti amugulire, n'kutaya ntchito yake yonse chifukwa kampani sinafune kuwonjezera kachitsulo kogwirira.

Makina oyambirira analinso ndi vuto la masamu mu ROM. Mukawafunsa sikweya ruti ya 0.25, m'malo moyankha 0.5 ankayankha 1.3591409. Vutoli linakonzedwa pambuyo pake, koma ambiri anali atagula kale.

Kusunga pulogalamu kunkachitika pa kaseti wamba, yomweyi ife tinkajambulirapo nyimbo za pa wailesi n'kumaizunguliza ndi cholembera tepi ikatuluka. Kompyuta inkasandutsa pulogalamu kukhala phokoso lolira ngati chitsulo chikukhulidwa, wailesi ya kaseti n'kujambula. Pobwezeretsa munkalemba LOAD, n'kudina PLAY, sikirini n'kudzaza mizere yakuda ndi yoyera yovinavina. Voliyumu ikachepa pang'ono kapena kukwera pang'ono, sizinkalowa, ndipo makina sankanena kuti vuto lili pati. Pulogalamu yaikulu inkatenga mphindi zingapo, ndipo munkadziwa kuti zakanika pamapeto penipeni. Anthu anaphunzira kuwerenga mizere ija ndi maso, kudziwa kuti ikanenepa chonchi ndiye kuti zili bwino. Panalibenso lamulo lotsimikizira kuti zimene mwasunga zasungikadi, choncho wanzeru ankasunga kawiri kapena katatu pa tepi imodzi.

Koma poti pulogalamu inali phokoso chabe, inkatha kuyenda paliponse pamene phokoso limayenda. Magazini ena ankamata timbale tapulasitiki tofewa pachikuto. Mawailesi ena a ku Ulaya m'zaka zimenezo ankaulutsa mapulogalamu a kompyuta usiku kuti omvera ajambule pa kaseti. Mu 1983 woimba wa ku Manchester, Chris Sievey, anatulutsa mbale ya galamafoni imene mbali imodzi inali nyimbo, mbali inayo mapulogalamu a ZX81, ndipo imodzi mwa iwo inkaonetsa mawu a nyimboyo pa TV ikamaimbidwa. Ndikaganizira mmene wailesi ndi kaseti zinalili ponseponse kwathu m'zaka zomwezo, mtima umandiwawa pang'ono. Njira yofalitsira tinali nayo kale m'nyumba zambiri. Chimene chinkasowa ndi sikirini ndi magetsi.

Makina opanda mawu anthu anawaimbitsa ndithu, potumiza kugunda kwa magetsi kudzera potulukira pa kaseti kapena pokweza voliyumu ya TV kuti kulira kwake kumveke ngati nyimbo. Makina opanda zithunzi zenizeni, amene ankangodziwa timadontho tikulutikulu ta makona anayi, Malcolm Evans anawapangira 3D Monster Maze, masewera a 16K amene munthu amaona ngati akuyenda yekha m'tinjira ta mpanda, chilombo cha Tyrannosaurus rex chikumusaka. Mulibe phokoso lililonse. Pansi pa sikirini pamangotuluka mawu okuuzani kuti chilombo chakuonani, kenako kuti chili kumbuyo kwanu. Ndinasewera pabalaza pa bambo aja ndipo m'manja munachita thukuta. Patapita nthawi kampani ya Software Farm inapusitsa purosesa kuti itenge maonekedwe a zilembo pamalo ena, n'kutulutsa zithunzi zosalala zimene opanga makinawo sanaziganizirepo.

Panalinso pulinta yake, nayonso ya £49.95, imene sinkagwiritsa ntchito inki. Pepala lake linali lakuda lokutidwa ndi aluminiyamu, ndipo timawaya tiwiri tinkathetheka moto n'kuwotcha siliva wa pamwamba kuti chakuda chioneke. Inkatulutsa kafungo ka chinthu chopserera, ndipo pepalalo linkadetsedwa ndi zala. Kumbuyo komwe kuja kolowetsa RAM, anthu okonda zamagetsi ankalumikizako timabolodi toyatsira mababu, toyendetsera timainjini ndi toyezera kutentha, ndipo okonda mawailesi olankhulirana ankamasulira nako Morse. Poti kanali kotchipa, munthu sankaopa kukatsegula, kukaboola kapena kukasiya m'shedi kakugwira ntchito imodzi chaka chonse. Kompyuta ya mapaundi 1,000 palibe akanaiyerekeza zimenezo.

Ntchito yachilendo kuposa zonse inachitika ku America. Kumeneko kankagulitsidwa ndi dzina lakuti Timex Sinclair 1000, ka RAM ya 2K, pa $99.95 mu 1982. Chaka chotsatira mtengo unagwa mpaka pafupifupi theka, nthawi yomwe kampani ya Commodore inalengeza kuti ichotsera $100 aliyense wogula Commodore 64 akabweretsa kompyuta ina iliyonse. Anthu anawerengera msanga. Ankagula ka Timex katsopano, osakatsegula n'komwe, n'kukapereka kuti achotseredwe. Zimanenedwa kuti ena ogwira ntchito ku Commodore ankatsekerezera zitseko ndi timakompyuta timeneti, poti kapangidwe kake kopendekeka kankalowa bwino pansi pa chitseko.

Ngati mungandifunse chimene chinali chamtengo wapatali m'katoni ya ZX81, ndinganene kuti ndi buku lake. Linalembedwa ndi Steven Vickers, amenenso anagwira nawo ntchito yolemba ROM. Silinkaphunzitsa kudina apa ndi apo. Linkayamba ndi kuphatikiza manambala awiri, n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo pofika kumapeto linkakuonetsani mapu a RAM yonse, adiresi iliyonse imene makina amasungapo zinsinsi zake, ndi mndandanda wa malamulo a purosesa. Wogula ankamutenga ngati munthu woti angathe kumvetsa makina ake mpaka pansi. Ndipo zinali zothekadi, chifukwa makinawo anali ochepa moti mutu umodzi ukanatha kuwasenza onse. Anthu a NOT PI ndi 16514 aja sanali anzeru zachilendo ayi. Anapatsidwa chinthu chaching'ono, chosabisa kanthu, ndi buku lowalemekeza.

Apa m'pamene maganizo anga amapita kwa ana a kwathu. Foni ya smartphone yotchipa kwambiri pamsika wa ku Limbe ili ndi malo ochuluka kuposa a ZX81 kamiliyoni, koma mukaiyatsa imakupatsani zoti muonere, osati malo oti mulembepo lamulo. Ndipo mwana akapeza mwayi wokhala pa kompyuta, kawirikawiri amaphunzitsidwa kutaipa kalata ndi kukonza matebulo, zimene n'zofunika ndithu, koma amachoka asanauzepo makina kuti achite chinthu chimene iye waganiza. Sindikunena kuti tiwapatse kiyibodi yapulasitiki ndi makaseti. Ndikunena za K uja wodikira pakona. Pa intaneti pali mapulogalamu aulere otsanzira ZX81, ndipo ena amayenda mu browser popanda kuika chilichonse. Mwana wa mchemwali wanga atabwera kudzacheza ndinamutsegulira imodzi, n'kumuonetsa mizere iwiri yokha: wina wolemba dzina lake, wina wobwerera ku mzere woyamba. Dzina litadzaza sikirini, funso lake loyamba linali lakuti, "Malume, nanga ndingaliimitse bwanji likafika ka 10?" Sindinamuyankhe. Ndinamupatsa tsamba la FOR ndi NEXT, malamulo obwereza chinthu kangapo, ndipo analipeza yekha yankho nsima isanapse.

ZX81 sinakhalitse pampando. Mu Epulo 1982 kunabwera kompyuta yatsopano ya Sinclair, ZX Spectrum, ya mitundu ndi mawu, ndipo anthu anasamukira kumeneko. Clive Sinclair analandira ulemu wa Sir mu 1983, ndipo anamwalira mu 2021. Makompyuta onse awiriwa ankamangidwa ku Dundee, ku Scotland, mu fakitale ya mawotchi ya Timex, ndipo ambiri mwa amene ankawamanga anali amayi. Mumzinda umenewo timakina totchipati tinafika m'nyumba zambiri za anthu wamba. Mnyamata wina amene anagwirako ntchito ku Timex, David Jones, anayambitsa kampani ya DMA Design imene inatulutsa masewera a Lemmings mu 1991 ndi Grand Theft Auto mu 1997. Fakitale ya Timex inatsekedwa mu 1993 pambuyo pa sitiraka yowawa imene inasiya mabanja ambiri opanda ntchito. Patatha zaka zinayi, Abertay University ya mumzinda womwewo inatsegula digiri ya kapangidwe ka masewera a pakompyuta, yoyamba ya mtundu wake padziko lonse.